Theka la Piritsi la Andreya

— Halo? Halo! Ndi kuchipatala? Ndikufuna nesi Zainab.

— Ndine. Ndani mnzanga?

— Wayiwala mawu a malume ako? Fakiri wa ku Ngala!

— Ii, amalume! Asalamu alaikumu.

— Waalaikumu salamu. Wadzuka bwanji, mwanawe?

— Bwino, kaya inu? Amayi kunyumba?

— Alhamdulillahi. Koma mwera watikhazika pansi, usipa wasowa. Tangokhalira kukangana za zipani, poti ndi matipate.

— Nanga mtima?

— Ukugunda ngati wa mnyamata. Halo? Ukundimva?

— Patalipatali. Kwezani mawu.

— Ndili pa sitolo ku Dwangwa, mwini foni maso ali pa wotchi. Tandiuza, kafukufuku wanu wa mankhwala a mtima uja, magulu munagawa bwanji?

— Tinakufotokozerani paja. Mankhwala atsopanowo akuyesedwa pa nonse. Koma ena, ngati inu, munabwera mukumwa kale sitatini, wochepetsa mafuta m'magazi. Ena ayi. Magulu awiriwo anawalemba tisanayambe, kuti pomaliza aone ngati atsopanowo athandiza mofanana.

— Sangasinthe pano?

— Ayi. Mukasankha magulu mutaona kale zotsatira, mupeza zomwe mukufuna basi. Bwanji kodi?

— Ndimangofunsa. Ukumudziwa Andreya, mnzanga wa bawo?

— A ku Angilikani aja? Ali m'gulu losamwa sitatini.

— Eya. Atapita kokayezetsa, adokotala anasangalala zedi. Akuti mafuta atsika, mankhwala atsopanowa ndi amphamvu.

— Ndiye nkhani yabwino.

— Mmm.

— Amalume, "mmm" ameneyo ndikumudziwa.

— Tamvera kaye. Mng'ono wake wa Andreya anagwa n'kufera m'bwato chaka chatha, mtima. Ndiye ine madzulo ndizimeza piritsi langa, mnzanga ali pomwepo akuyang'ana? Tinaleredwa choncho ife?

— Musandiuze kuti...

— Ndimadula pakati ndi mpeni wa amayi ako. Theka iye, theka ine.

— Kalanga ine! Chiyambire liti?

— Chiyambire maliro aja. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mwanawe.

— Piritsi si chambo, amalume! Inu mukumwa theka la zimene adokotala analemba, ndipo mankhwala atsopano akutamandidwa pa ntchito ya mpeni wa kukhitchini.

— Ndi zimenezo zandisowetsa mtendere. Kunamiza adokotala sindifuna. Koma ndikuopa, tikaulula mumuchotsa Andreya. Akachoka, azimuyeza ndani? Chotsani ine.

— Palibe achotsedwe. Tilemba zoona, kuti owerengera adziwe zimene zinachitika. Akhalabe m'gulu lomwelo.

— Zoona?

— Zoona. Mubwere nonse Lachinayi. Ndi mbiri ya mng'ono wawoyo, adokotala awaonanso. Akafunika sitatini awalembera wawowawo.

— Wathunthu?

— Wathunthu. Koma lero inu mumeze lonse. Mwamva?

— Andreya! Lowa, usabisale kuseri kwa chitseko! Akuti sakuchotsa!

— Ali pompo?

— Ndiye wandikweza pa njinga kuchokera ku Ngala.

— Pa njinga? Ndi mtima umenewo?

— Timapalasa mosinthana. Theka iye, theka ine. Iii, mwini foni watambasula dzanja! Tsala bwino, mwanawe, Lachinayi tibwe...

— Amalume? Mpeniwo mubweze kukhitchini! Halo?