Chimanga cha padenga la atate

Mwana wanga wina anandifunsapo kuti, "Amayi, kodi n'zoona kuti kwanu ku Madzimoyo munkalima padenga?" Ndinaseka, chifukwa n'zoonadi.

Zinali zaka za nkhondo yaikulu ija, Chipata akutchedwabe Foti Jemusoni. Atate anali mmisiri wophunzira kumishoni, ndipo atasirira masitolo a m'tauni anamanga nyumba ya denga lathyathyathya: mitengo yogoneka, bango, pamwamba dothi la pachulu. Anthu ankawanena kuti, "APhiri, nyumba yanu yaiwala chipewa!" Iwo ankati, "Yangayi njophunzira, imavula chipewa mwaulemu."

Koma dengalo linali ndi ubwino umene atate sanauganizire: mbuzi sizinkafikako. ANabanda, mayi wamasiye woyandikana nafe, mbuzi zinkawadyera chimanga pamphasa, ndiye amayi anati, "Bwerani nacho, anzanga, tikayanike kumwamba." Chaka ndi chaka chinkauma kwathu, ndipo amayi sanatapepo ngakhale kam'manja.

Denga litakalamba n'kung'aluka, atate anamata dothi latsopano osayamba asesa njere zotsalira za chimanga chija. Mvula itagwa, ana inu, padenga panabiriwira! Ife tinkanyadira munda wathu wakumwamba, koma mizu inaboola dothi, madzi n'kuyamba kudonthera pamphasa pomwe amayi anali m'chikuta ndi khanda, mlongo wanga. Tikasuntha mphasa, dontho linkatitsata, khandalo n'kuyamba kutsokomola. Inu lero mukanathamangira malata kusitolo, koma nthawi imeneyo malata ankangomveka dzina.

Atate anakwera kukazula, koma phesi lililonse linkasiya bowo lake. Wodutsa wina anakuwa, "APhiri, mwayamba kale kukolola?" Tsiku limenelo atate anangopitiriza kuzula.

M'mawa mwake tinapeza mitolo ya udzu pakhomo. ANabanda anali atatuta udzu wonse umene anamwetera khitchini yawo, ndipo akamwini awo anali atayamba kale kuimika phaso pamwamba pa dothi lija.

"Nanga khitchini yanu, mayi?" anafunsa atate, maso ali pansi.

"Mphika sutsokomola, aPhiri," anatero aNabanda. "Ndiponso chimanga chaboolachi ndikumudziwa mwiniwake."

Kupatsa n'kuika, ana inu. Mnzanu akasowa poyanika, musamuwerengere malo. Pofika madzulo nyumba yophunzira ija inali itavala chipewa, khanda lili m'tulo pouma, ndipo aNabanda anatola nkhata yawo n'kumapita kukaphika pamvula.