Chitsime cha mayi Ulamila ndi timadengu tobwezedwa

Malemu mayi Ulamila Ravouvou anabadwa pa 9 Meyi 1941, konkuno ku Nakorotiri, kugombe la kumadzulo kwa dziko lathu la Fiji. Anali oyamba m'banja la ana aakazi awiri. Wachiwiri ndi mayi Torika, amene akhala apo kumutu kwa bokosi. Amenewo ndi amayi anga, ndipo ine amene abale andituma kuwerenga mbiriyi ndine Sakiusa. Ndapemphedwa kuti ndisabise kanthu, poti m'mudzi muno mulibe amene sadziwa.

Malemu anayamba sukulu ya mpingo mu 1948 ndipo analekeza Sitandade 6 kuti azithandiza amayi awo kuphika mchere. Achinyamata amene mwakulira pa mchere wa m'sitolo, mvetsetsani. Masiku amenewo kunalibe ayisi. Msodzi wopanda mchere ankagwirira ntchito ntchentche. Anthu a kumapiri ankatsika ndi zilazi, mikeka ndi mizu ya kava yopangira chakumwa kudzasinthana ndi kadengu kamodzi ka mchere. Mcherewo unkachokera m'zitsime zokumbidwa m'matope, kumene nyanja imafika ikadzaza, ndipo chitsime chinkasiyidwa kwa mwana wamkazi mmodzi yekha. Agogo anali ndi chitsime chimodzi, ana aakazi awiri.

M'chilimwe cha 1961 agogo anapatsa aliyense chiwaya chake kuti aone woyenera. Ophika amadziwa kuti mchere umawuulidwa madzi asanaphwe, chifukwa madzi otsalira pansiwo ndi owawa. Chiwaya cha amayi anga chinauma gwaa, mchere n'kuwawa ngati ndulu. Cha malemu chinatulutsa woyera mbee, ndipo chitsime chinapita kwa iwo. Kwathu nkhaniyi timaidziwa mwa njira ina. Amayi amati mkulu wawoyo anawakodola n'kunena kuti, "Iwe Torika, thamanga, bwato la Peniasi lakocheza, akukufunsa!" Pobwerako anapeza zapsa. Malemu ankangoseka akamva zimenezi, amvekere, "Kodi ndinamunyamula? Si anapita ndi miyendo yake?"

Pa 17 Febuluwale 1962 malemu anakwatiwa ndi bambo Peniasi Ravouvou, msodzi yemwe uja. Akuluakulu akukumbukira kuti dzino la namgumi lofunsira mbeta litalowa m'nyumba ya agogo, anthu onse ankayesa kuti labwerera Torika. Koma msodzi amadziwa chimene nsomba zake zimafuna. Munthu amene akanakhala bambo anga anasanduka bambo aakulu, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana aamuna atatu.

Kuyambira pamenepo zinthu zinawayendera malemu, ndipo ife tinkaonera. Utsi ukafuka kumatope, kwathu kunkachita zii. Nsomba za bambo Peniasi zinkakhala miyezi osaola, pamene za bambo anga zinkanunkha tsiku lachitatu. Pa ukwati uliwonse, pa maliro aliwonse, dzina lotchulidwa linali la Ulamila. Nyumba yoyamba ya malata m'mudzi muno inali yawo, ndipo dzuwa likawomba pamalatapo kuwala kwake kunkalowa pakhomo pathu penipeni. Sindinama, zinkatipweteka.

Komabe chaka chilichonse kadengu koyamba ka m'chitsimemo malemu ankakatumiza kwa mng'ono wawo. Chaka chilichonsenso kankabwerera tsiku lomwelo. Amayi analumbira kuti mchere wa chitsime chobedwa sudzakhudza lilime lawo. Namondwe wa mu Okutobala 1972 atagwetsa nyumba ndi kuswa mabwato, mudzi wonse unapulumukira nsomba zamchere za malemu. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndinakadya mobisa, ndipo khutu ili linapotokoledwa. Amayi anadya chinangwa chopanda ndiwo milungu itatu.

Mchere wa m'sitolo utachuluka, kenako ayisi n'kufika, azimayi ambiri anasiya zitsime zawo kuti zikwiririke. Kwathu tinati tsopano tifanana. Ayi ndithu, malemu anapitiriza okha, ndipo m'malo moti aiwalike anatchuka kuposa kale. Bambo Peniasi atamwalira mu 1998 iwo anaphikabe, mpaka mu 2019 pamene msana unakana.

Malemu anayamba kudwala mtima mu Januwale chaka chino, 2024. Kuchipatala anawaletsa mchere, iwo n'kufunsa namwino kuti, "Mwana wanga, nsomba ungailetse madzi?" Mu Juni anapempha kubwerera kunyumba. Apa mudzi unayamba kunong'ona za chitsime, poti mwana wamkazi analibe, ndipo apongozi awo atatu, akazi a ana awo aja, aliyense anali atayamba kubwera ndi msuzi kawiri patsiku.

Lachiwiri lapitali, pa 2 Julaye, anaitanitsa amayi anga. Anapita, koma anaima pakhomo. Malemu anauza ana awo kuti akwere kudenga la khitchini n'kutsitsa zimene zinali pamwamba pa moto. Tinali timadengu tobwezedwa tija, tokwana 58, takuda ndi mwaye, mchere wake wolimba ngati mwala. Sanatayepo ngakhale kamodzi.

"Katundu wako uyo, Torika, wandidzazira denga," anatero. "Chitsimenso tenga. Tsiku lija Peniasi sanakufunse ayi. Ndinanama, ndinkaopa kuti undiposa."

Amayi anayankha kuti, "Achemwali, ndinu woipa. Mukundipatsa lero maondo atatha? Ndikafikako bwanji kumatope?"

"Ndiye ukhale pansi, miyendo ingakupweteke."

Amayi anakhala, pamkeka wa mkulu wawoyo, kwa nthawi yoyamba chichokere 1961. Malemu anatisiya Lachinayi pa 4 Julaye masana, ali ndi zaka 83, mng'ono wawo akuwakupiza.

Asiya ana atatu, Isikeli, Apisai ndi Manasa, adzukulu khumi ndi mmodzi, zidzukulutudzi zinayi, ndi mng'ono mmodzi. Chitsime chili kwathu tsopano. Amayi aziphunzitsa mdzukulu wawo Salanieta atakhala pampando, ndipo alamu athu atatu aja tikuwamvetsa mmene akumvera, poti ifenso tinakhalamo zaka 63.

Tikuthokoza mafumu, abusa ndi azimayi a mpingo, anamwino, asodzi amene analowa m'nyanja dzulo, ndi inu a kumapiri amene mwatsika ndi mikeka monga ankachitira makolo anu. Nsomba zimene mudye tikachoka kumanda zathiridwa mchere wa kadengu ka 1961. Amayi ndiwo anauswa m'mawa uno. Anatapa pang'ono, anaika palilime, kenako anati, "Wanga ukanaposa uwu." Atatero anatapanso, ndipo analira mpaka tinawagwira.

Mayi aakulu, munatsogola pa chitsime, pa banja, ndi pa malata, lero mwatsogolanso. Kumeneko mumusungire malo mng'ono wanu, ndipo ulendo uno asadzawabweze. Mzimu wanu uuse mumtendere.