Wotsutsa Yekhayo wa ku Antelope Bend Akupita ku Arizona

A Meya Vernon Stoltz, makhansala athu anayi, abusa, mayi Marlys Kuchera ndi ana anu, anzanga a pantchito, inu mwabwerera a Delbert ndi inu mwabwerera keke, moni nonse.

Ndine Arlene, mlembi wa khonsolo. Ndagwira ntchito ndi a Delbert Kuchera zaka makumi atatu. Iwo panja ndi chigalimoto chokankha chipale chofewa m'misewu, ine m'kati ndi mapepala.

Chisanu chawo choyamba mukuchikumbukira. Anayeretsa msewu waukulu wonse mwaluso, chipalecho n'kukachiunjika pakhomo pa nyumba ya ozimitsa moto. Muno momwe takhalamu. Mwayi wake sabata imeneyo sikunapse nyumba. Titawafunsa anati, "Nanga munandiuza kokachisiya?"

Koma ndifotokoze za ntchito yawo ina, poti ambiri simudziwa mmene inayambira. Lamulo limati patebulo la chisankho pazikhala anthu a zipani zonse ziwiri, wachipani chofiira ndi wachipani cha buluu, kuti aziyang'anana m'manja. Lamulo labwino ndithu. Kungoti amene analilemba sanafikepo ku Antelope Bend. Kuno ndife ofiira kuyambira makolo athu. Mwana amabadwa atavota kale.

Wabuluu wathu womaliza, mayi Opal, atamwalira, akuluakulu a zisankho anatilembera kalata. Anati tikapanda kupeza wina, atseka malo athu ovotera. Tizikavota kuboma, mamailosi makumi anayi, mu Novembala, nkhalamba ndi odwala omwe.

Ndinawapeza a Delbert atagona pansi pa galimoto. Ndinawafotokozera lamulolo, mbiri yake, ndi kufunika kwake. Ola lathunthu. Anatulutsa mutu nati, "Arlene, ndikasaina usiya kulankhula?" Anasaina pepala lolowera chipani cha buluu ndi manja a girisi. Umo ndi mmene tauni yathu inapezera chipani chotsutsa.

Musaganize kuti zinali zopepuka. Apongozi awo anakhala zaka ziwiri osawalankhula. Pa Khirisimasi ankati, "Marlys, muuze mwamuna wakoyo andipatsire mchere." Kumalo omwera khofi kwa Dot m'mawa uliwonse kunali mlandu. "Delbert, abale ako a ku Washington atichitanso chiyani?" Mtengo wa chimanga ukatsika, Delbert. Matalala atawononga tirigu, inu a Meya, inde inuyo, munati, "Wachiona chipani chako?" Iwo ankangopukuta pakamwa n'kunena kuti, "Ndiwauza ndikawaimbira."

Pa chisankho chawo choyamba tinawerenga mavoti limodzi. Ofiira 214. Abuluu, palibe ndi imodzi yomwe. Tonse tinawatembenukira. Ndinati, "Achimwene, ngakhale inu?" Anati, "Voti ndi chinsinsi, Arlene. Si iwe unandiphunzitsa?"

Tsopano ndinene zoona, ndipo apa musaseke. Tsiku lililonse lachisankho, kukagwa chipale, a Delbert ankadzuka kusanache. Ankatsegula msewu mpaka kumafamu akutali, kwa a Hruska, kwa amasiye a Tietjen, kuti anthu abwere adzagonjetse chipani cha a Delbert omwewo. Akatero ankasamba m'manja, n'kukhala patebulo mpaka bokosi litatsekedwa. Sanadandaulepo. Zaka zonsezi palibe nkhalamba ya kuno inalephera kuvota chifukwa cha mtunda. Zikomo, a Delbert. Mayi Marlys, inu munkamva zonse zonenedwa kutchalitchi, n'kumabwerabe ndi chakudya chathu chamasana. Zikomo kwambiri.

Ndiye a Delbert akupuma pantchito, akupita ku Arizona, kwa mwana wawo, kumene kulibe chipale chokankha. Kalata ina ya akuluakulu a zisankho yabwera kale. Akuti pofika Lachisanu tikhale titatumiza dzina la wabuluu wina, apo ayi atseka.

Ndinali ndi chiyembekezo. Chaka chatha m'bokosi munatuluka mavoti atatu a buluu. A Delbert akulumbira kuti yawo sinalimo. Ndiye kuti anthu atatuwo muli muno. Mukudya keke. Ndayenda khomo ndi khomo milungu isanu, kufotokoza bwinobwino. Aliyense akuti, "Ine? Arlene, wayamba kumwa?"

Choncho lero m'mawa ndasaina ndekha. A Duane, amuna anga, ikani kaye kapuyo pansi. Tikakambirana kunyumba. Ndikakufotokozerani zonse, nthawi tili nayo.

A Delbert, pitani mukapume. Mukawothe dzuwa, mukasewere ndi zidzukulu, ndipo kumeneko mukalembetse chipani chimene mtima wanu ukufuna. Ofiira nonse imirirani tiwaombere m'manja. Atatu inu, ombani nawo mwamphamvu, m'phokosomu palibe akuzindikireni.