Matebeto a Bambo Kamwendo a ku Kanyama

Malemu bambo athu a Obed Kamwendo, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 14 Malichi 1958 ku Matero, m'nyumba ya khonsolo ya zipinda ziwiri. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri la malemu a Yesaya Kamwendo ndi mayi Nasibeko. Bambo awo anachoka ku Ntcheu m'dziko la Malawi, ati akupita kumigodi ya ku Kitwe, koma atafika mu Lusaka muno anapeza ntchito ya panjanji, ulendo wa kumigodi n'kuthera pomwepo. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Kumbu Chisale, mlamu wawo. Mundikhululukire ngati pena ndiwaseka, pakuti chilamu sichitha ndi imfa, ndiponso iwo anandiseka kokwanira ali moyo.

Malemu anayamba sukulu mu 1965 ku Matero komweko, ndipo mu 1972 anasankhidwa kupita ku sekondale. Anali a mutu wogwira msanga. Kuyambira ali aang'ono ankanena poyera kuti akadzakula adzapita ku koleji ya aphunzitsi. Koma mu 1974, ali Fomu 3, bambo awo anamwalira, ndipo mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anasiya mabuku kuti azing'ono ake adye. Satifiketi ya uphunzitsi sanaigwirepo m'manja mwawo. Chinthu chimenechi chinawakhala pakhosi ngati munga wa nsomba mpaka ukalamba, ndipo mbiri yonse imene mumve lero ikuzungulira pamenepa.

Mu 1975 analowa ntchito pa fakitale ina yoomba mabulangeti. Pa 20 Ogasiti 1983 anamanga ukwati woyera ndi mlongo wanga, mayi Elesi Chisale. Pobwera kudzafunsira mbeta anavala jekete yakhofi imene manja ake ankathera panjira asanafike pamkono. Ife alamu tinaseka mpaka misozi, osadziwa kuti jekete imeneyi tidzakalamba nayo. Mu 1985 banjali linasamukira kuno ku Kanyama, kumene linamanga nyumba pamiyala imene nonse mwapunthwapo pobwera pamaliro ano. Mu 1993 fakitale ija inatsekedwa, malemu n'kukhala pakhomo.

Munthu akakhala pakhomo masana amaona zimene opita kuntchito saona. Malemu anaona ana ambirimbiri akungozungulira m'komboni nthawi ya sukulu, ena chifukwa malo anatha m'masukulu a boma, ena chifukwa makolo awo anali atatsikira kuli chete. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mu Januwale 1995 anapempha chitseko chakale kwa mnansi wawo, kalipentala a Ishaq Twaha, n'kuchipaka utoto wakuda, n'kuchitsamiritsa kukhoma la nyumba yawo. Ana oyamba anakhala pa njerwa. Umu ndi mmene inabadwira sukulu ya Tiyeseko, imene lero ili pamalo akeake, ndi zipinda zake ndi mbendera yake. Dzinja likafika, Kanyama yathu n'kusanduka dziwe, malemu ankavala jombo mbandakucha n'kumawolotsa ana aang'ono pamsana kuti mabuku asanyowe. Ena mwa inu muli pano ndi ndevu zanu ndi magalimoto anu munakwera msana umenewu, musayang'ane kumbali.

Koma panali chinthu chimodzi chimene malemu anaumirapo mutu. Dzina loti aphunzitsi ankalikana. Kholo likawapatsa moni panjira kuti "ba ticha", iwo ankagwedeza chala n'kuyankha kuti, "Ine sindine ticha, nisungako chabe bana ba bantu." Ankati uphunzitsi ndi wa anthu amene anakhala pansi ku koleji, ndipo iwo akungogwirizira malo mpaka eni ake atabwera. Chaka chilichonse pa 5 Okutobala, tsiku lokumbukira aphunzitsi, ankasita jekete yakhofi ija, kukwera minibasi kupita m'tauni, n'kukaima m'mphepete mwa msewu kuwombera m'manja aphunzitsi akuguba ndi malaya awo ofanana. Akabwerako ankafotokoza zonse mosangalala, koma usiku umenewo chakudya ankangochinyomula.

Mu 2012 boma linatumiza aphunzitsi ophunzira bwino ku Tiyeseko, motsogozedwa ndi a Chrispin Kapambwe. Malemu anawalandira ndi manja awiri, kuwapatsa makalasi onse akuluakulu, iwo n'kutsikira ku Giledi 1 kwa ana amamina. A Kapambwe anawasokera malaya ofanana ndi a anzawo kuti adzagube nawo. Malemu anathokoza mwaulemu, anawapinda bwinobwino, n'kuwaika pansi pa sutikesi. Mlongo wanga Elesi ankawawidwa nazo mtima. Umphawi sanauope, madzi a ku Kanyama sanawaope, koma ankaopa kuti mwamuna wake adzalowa m'manda akudziyesa wongogwirizira malo a eni.

Mu 2019 mayi Mwape Katongo, amene amagulitsa nsomba zouma pamsika ndipo ana awo onse anadutsa m'manja mwa malemu, anabweretsa ganizo loti makolo awachitire matebeto. Kwa alendo amene mwachokera ku Malawi, matebeto ndi mwambo wa anzathu Achibemba umene Lusaka yonse inautengera. Akuchikazi amaphika zakudya zamitundumitundu n'kuzisenza ndi ng'oma kupita nazo kwa mkamwini, pomuthokoza kuti wasunga bwino mwana wawo. Ganizoli linautsa mapokoso. Ena anati mwambo wa ukwati sungalowe m'nkhani za sukulu, anthu adzatiseka. Mayi Mwape sanachedwe kuyankha. Anati, "Matebeto tichitila muntu wamene asunga bwino mwana wako. Manje aba basunga bana bangati? Ni bapongozi ba Kanyama yonse." Onse anavomera kuti mayiyu wanena zoona, kenaka aliyense anabwerera kunyumba kwake. Chaka chotsatira kunabwera mliri, china anati tidikire mvula ithe, china anati woimba ng'oma wasamuka. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Pa 10 Juni 2024 malemu anagwa akufufuta pabolodi. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, lilime linamangika, ndipo chakudya chimene chinkadutsa pakhosi chinali phala lamadzimadzi lokha. Koma makutu ndi maso zinali zamoyo. Mayi Elesi, munthu wofatsa amene sindinamumvepo akukweza mawu kuyambira tili ana, anamanga chitenje n'kupita kumsika, n'kukaima patsogolo pa nsomba za mayi Mwape. Anati, "Ngati mufuna kubayamika, bwelani manje bakali kumvela. Pamalilo sibazakadya." Mawu amenewa anachita zimene misonkhano ya zaka zisanu inalephera.

Loweruka pa 5 Okutobala 2024, tsiku la aphunzitsi, ng'oma zinamveka kuchokera cha kumsika. Amayi anabwera pamzere, mbale zokulungidwa m'zitenje zili pamutu. Munali chikanda, bowa wotendera, vinkubala, impwa, kalembula, nsomba zouma ndi munkoyo. Nkhuku zonse anazinga ndi a Ishaq Twaha, kuti abale athu Achisilamu adye nafe opanda nkhawa. Malemu tinawatulutsa pampando, atavala jekete yakhofi. Amayi anagwada, n'kuyamba kumasula mfundo za zitenje ndi mano monga mwa mwambo, nthungululu zili wiriwiri. Pamenepo malemu anapukusa mutu. Anakweza dzanja lawo lamanzere, limene linatsala lamoyo, n'kuloza kumsewu.

Ng'oma zinaleka. Inu amayi mukudziwa kuti munthu kukana matebeto ndi manyazi aakulu kwa ophika, ndipo ena anali atayamba kale kubisa nkhope m'zitenje. Mayi Elesi yekha ndiye anamva chimene dzanjalo linkanena, pakuti msewu umenewo ndi wopita ku Tiyeseko. Misozi ili m'masaya anati, "Sibakana vakudya vanu. Bakamba ati pelekani ku maticha ku sukulu, ndiye bene bake." Ngakhale lilime litamangika, mlamu wanga anali akukanabe dzina lija. Mayi Mwape anadzuka, kusasa fumbi m'mawondo, n'kunena kuti, "Ngati ni so, banyamuleni na beve. Vakudya na mwine wake viyendele pamodzi."

Amuna anayi amene kale anawoloka madzi pamsana pa malemu ananyamula mpandowo pamapewa. Ng'oma zinayambanso. Tikutulukira pamsewu waukulu tinakumana ndi aphunzitsi a ku Tiyeseko ndi a masukulu ena a dera lino akutsika minibasi, akuchokera kokaguba m'tauni, malaya awo ofanana ali m'thupi. A Kapambwe ataona amene ali pampando anafoletsa aphunzitsi onse awiriawiri kumbuyo kwa mpandowo, n'kuyamba kuguba. Motero munthu amene kwa zaka zambiri ankaima m'mphepete mwa msewu kuwombera anzake m'manja, tsiku limenelo anali patsogolo pa mzere, ndipo m'mphepete munaima Kanyama.

Titafika pasukulu, mbale zinayalidwa m'kalasi ya Giledi 1. Mayi Mwape anatenga beseni ndi jagi ya madzi, n'kulengeza kuti madziwa ndi a aphunzitsi okhaokha, wina aliyense adikire. Anadutsa a Kapambwe, anadutsa onse a masatifiketi, n'kukagwada pamaso pa malemu. Tonse tinkadziwa kuti akabweza dzanja, nkhaniyo yatha mpaka muyaya, pakuti mwayi wina sukanapezekanso. Malemu anayang'ana beseni, anayang'ana aphunzitsi achinyamata amene anaimirira manja kumbuyo kuwadikira, anayang'ana mkazi wawo. Kenaka pang'onopang'ono anatambasula dzanja lamanzere lija, madzi n'kutsikirapo. Pa zakudya zonse zija iwo analawa kamsuzi ka nkhuku kokha, kamene mayi Elesi anawadonthezera palilime ndi supuni. Koma mlongo wanga akuti kuyambira tsiku limenelo, mwana akasuzumira pawindo n'kufuula kuti "ba ticha", malemu ankavomera ndi mutu.

Matenda anapitirira kuwafooketsa mpaka Lachiwiri pa 11 Febuluwale 2025, pamene Ambuye anawaitana ali kunyumba kwawo, mvula ikugwa, mkazi wawo atawagwira dzanja lomwe lija. Amwalira ali ndi zaka 66. Asiya mkazi wawo mayi Elesi, ana anayi, Tiwo, Yesaya, Naomi ndi Obed wamng'ono, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi mlongo wawo mmodzi amene amakhala ku Kabanana. Ana ena amene asiya sitingawawerenge, tangotembenukani muone mmene mwadzazira msewu.

Banja likuthokoza abusa ndi amayi a chigwirizano amene agona nafe pano, madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, a Ishaq Twaha ndi abale onse a kumzikiti amene sanachoke pakhomo pano kuyambira Lachiwiri, anyamata amene akhala akupatutsa madzi kuti tipeze pokhala, ndiponso a Kapambwe ndi aphunzitsi onse a dera lino. Mwapadera tikuthokoza mayi Mwape Katongo ndi amayi a kumsika. Iwo alonjeza kuti matebeto a aphunzitsi azichitika chaka ndi chaka, sukulu ina chaka chino, ina chaka chamawa. Pempho la banja ndi lakuti musadzadikirenso kuti wina ayambe wagwa pabolodi. Muthokozeni munthu mano akadali otha kutafuna.

Mukamadutsa kudzaona nkhope, muona kuti jekete yakhofi lero yapuma. Tawaveka malaya aja amene anakhala zaka khumi ndi ziwiri pansi pa sutikesi. Dzulo wolemba pamtanda anafunsa chimene alembe pamwamba pa dzina lawo. Mayi Elesi anati chikhala kuti dzanja lija silinatambasuke, sakanayerekeza kuwalembera chinthu chimene anachikana ali moyo. Koma malemu anavomera okha, tonse tikuona. Choncho pamtanda palembedwa mawu amene ifenso titsanzikane nawo. Pitani bwino, Aphunzitsi a Obed Kamwendo. Mzimu wanu uuse mumtendere.