Tsiku Limene Bambo Anga Anakhala pa Desiki Yanga

Olemekezeka mkulu woyang'anira maphunziro m'dera lino, olemekezeka mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi wachiwiri wanu, mayi wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, atsogoleri a zipembedzo amene mwatitsegulira ndi pemphero, aphunzitsi nonse, alonda, ophika ndi osesa amene mwalawirira kuti bwaloli lioneke chonchi, makolo anzanga, ndi inu ophunzira amene mwapirira dzuwa kumbuyoko: ndikupereka moni kwa nonse, ndipo ndikuthokoza pondiitana.

Pamene mphunzitsi wamkulu anandiimbira foni kuti ndidzatsegule chipinda cha makolo, ndinafunsa kawiri ngati ndamva bwino. Pa ntchito yanga ya zomangamanga ndaonapo nyumba zamitundumitundu zikutsegulidwa, koma chipinda cha makolo pasukulu ndinali ndisanachimvepo. Iwo anandifotokozera kuti ndi malo amene kholo lingabwere osaitanidwa, nkukhala pansi, nkufunsa za mwana wake kwa mphunzitsi amene ali pa ntchito tsikulo; ndiponso kuti kuchokera m'menemo uthenga wa zochitika pasukulu uzitumizidwa pa mafoni a makolo sabata ndi sabata. Ndinavomera asanamalize kulankhula. Ndiloleni ndikuuzeni chifukwa chake.

Ine ndinaphunzira pa sukulu yomwe ino. Mayi anga anali atamwalira, ndipo tinkaleredwa ndi bambo okha, telala amene ankasokera pakhonde la sitolo ina pafupi ndi siteji ya basi. Iwo sukulu anaisiyira panjira, ndipo geti la sekondale ankaliopa kwambiri. Ankati, "Kholo likaitanidwa kusukulu ndiye kuti mwana wapalamula. Nanga ine ndikatani kumeneko, kwa anthu olankhula Chingerezi?"

Fomu 1 ndinakhoza bwino, ndipo ndinkakhala kutsogolo. Titalowa Fomu 2, m'kalasi ija ili kuseri kwa laibulale, anandiika kumbuyo kwenikweni poti ndinali nditatalika kuposa anzanga. Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kubwerera m'mbuyo. Pabolodi ndinkangoona ngati chifunga. Sindinadandaule kwa aliyense, chifukwa ndinkaganiza kuti munthu aliyense wokhala kumbuyo amaona choncho, ndipo kuti anzanga amangondiposa nzeru. Zotsatira za mayeso zitafika kunyumba, bambo anaziyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mwana wanga, mutu wako wafika pothera pake. Teremu ino ikatha ubwere, ndikuphunzitse makina." Sanakalipe ayi. Analankhula mofatsa, ngati munthu amene wavomereza, ndipo kufatsa kumeneko kunandipweteka kuposa mkwapulo.

Tinali ndi mphunzitsi wa masamu amene tinkawatchula kuti a Fumbi, chifukwa jekete lawo linkakhala mbuu ndi choko kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Aphunzitsi musaseke kwambiri, nanunso muli ndi mayina anu, ndipo eni ake owadziwa ndi awo akubisa nkhopewo. A Fumbi anazindikira kuti akandiitana kubolodi samu ndinkaikhoza, koma ndikakhala pamalo panga ndinkakopera manambala olakwika. Anandituma kuti ndikaitane bambo. Bambo anayankha kuti, "Ukawauze kuti ndatanganidwa."

Loweruka lotsatira ndili pakhonde paja kuthandiza kusita, ndinangoona a Fumbi atulukira, thalauzi lili m'manja.

"Abambo, thumba la thalauzili lang'ambika. Mungandithandize?"

Bambo analandira, nayamba kupalasa makina. A Fumbi anakhala pabenchi, kenaka anati, "Ine ndine mphunzitsi wa mwana wanuyu."

Makina anaima. "Walakwa chiyani?"

"Sanalakwe kanthu. Ndikuganiza kuti saona bwino."

Bambo anaseka. "Aphunzitsi, ameneyu? Ndi amene amandilowetsera ulusi pasingano ine ndikalephera. Maso ake ndi akuthwa kuposa anga."

"Zapafupi amaona, koma zakutali ayi. Sindikufuna kuti mungondikhulupirira. Mubwere Lolemba tikaweruka, mudzaone nokha."

"Ine Chingerezi sindichitha."

"Nanga panopa tikulankhula chiyani, abambo?"

Lolemba bambo anabwera atavala jekete lawo lopitira kutchalitchi. Anaima pageti chipewa chili m'manja, mpaka a Fumbi anachita kukawatenga. Anawakhazika pa desiki yanga kumbuyo kuja, mawondo akukanika kulowa, ine ndili pambali pawo. A Fumbi analemba mawu pabolodi, natembenuka nkunena kuti ndiwerenge. Ndinatsinzinira, ndinasuzumira, koma palibe chimene ndinatolapo. Ndinati, "Sindikuona, aphunzitsi."

"Abambo, tawerengani inuyo."

Bambo anakweza chala m'mwamba nayamba kulondola zilembo pang'onopang'ono, monga ankawerengera nthawi zonse: "Mwana... wanu... ndi... wanzeru."

Mawu amenewo sindinawaone ndi maso anga. Ndinawamva kuchokera pakamwa pa bambo anga. Iwo anandiyang'ana, nandiitana monga ankandiitanira mwachikondi, "Amayi, bwanji osanena nthawi yonseyi?"

"Ndimayesa ndi mmene aliyense amaonera, bambo."

Anaweramitsa mutu, nauza a Fumbi motsitsa mawu kuti, "Ndikanamuchotsa sukulu mwana ameneyu."

Sabata yomweyo anatseka makina nkupita nane kuchipatala cha maso. Tsiku limene ndinavala magalasi koyamba ndinaima pamsewu kukamwa kuli yasa. Ndinati, "Bambo, kodi masamba a mtengo amaoneka limodzilimodzi mpaka kunsonga?" Anaseka mpaka misozi, koma sindikhulupirira kuti yonseyo inali ya kuseka.

Kuyambira pamenepo munthu amene ankaopa geti uja anasanduka wapakhomo. Ankabwera osaitanidwa kudzafunsa mmene ndikuchitira, anasoka makatani a m'chipinda cha aphunzitsi, mpaka mphunzitsi wamkulu wa nthawi imeneyo ankawaseka kuti awalembetsa Fomu 1. Bambo anatisiya zaka zingapo zapitazo, atandiona ndikumaliza maphunziro anga. Pa maliro awo ndi pamene a Fumbi, atakalamba, anandinong'oneza kuti thumba lija analing'amba okha.

Amayi ndi abambo, ine ndinachita mwayi. Koma sukulu singadalire mwayi, ndipo aphunzitsi alibe mathalauzi okwanira kufikira kholo lililonse. Kholo likudziwa zimene mphunzitsi sakuzidziwa: kuti mwana sakugona bwino, kuti kunyumba kwagwa matenda, kuti masiku ano wasiya kuseka. Mphunzitsi naye akuona zimene kholo silingazione lili kuntchito. Awiriwa akapanda kukumana, amene amagwera pakati ndi mwana.

Ndiye ndikuthokoza. Ndikuthokoza mayi wapampando, amene ndamva kuti munayenda khomo ndi khomo mpaka nsapato zinatha. Ndikuthokoza bambo kalipentala, kholo la mwana wa Fomu 3, amene mwakhoma mabenchi ali m'katimo madzulo mukaweruka ku ntchito yanu. Ndikuthokoza ophunzira amene munapaka penti. Ndaona kuti ina inatsalira pa mayunifolomu, makolo muwakhululukire. Ndikuthokozanso amene munaganiza zoti khomo la chipindachi liyang'ane kumsewu, kuti kholo lisachite kudutsa maofesi likunjenjemera.

Aphunzitsi, uthenga wanu usamapite kwa makolo pokhapokha zikavuta; mwana akachita bwino, kholo lake limvenso, m'chilankhulo chimene limalankhula kunyumba. Makolo anzanga, uthenga ukafika tiziuyankha, ndipo amene alibe foni tizimuuza ife oyandikana naye. Bwerani ndi ovolosi yanu, bwerani ndi dengu lanu la kumsika, palibe adzakufunseni kuti sukulu munalekezera pati. Ndipo inu ophunzira, chikakuvutani nenani, ngakhale chioneke chaching'ono.

Pomaliza, mphunzitsi wamkulu, ndili ndi pempho limodzi. Pulogalamu ikuti ndikadula riboni ndiyambe ine kulowa. Ndikupempha kuti tisinthe. Pakati pathu pano pali kholo limene lero ndi koyamba kuponda pabwalo lino, ndipo mwina laima kumbuyo, pafupi ndi geti. Amayi kapena abambo, kulikonse kumene muli, bwerani kutsogolo kuno. Ine ndigwira lumo, inu mugwire chitseko.

Ndi mtima wodzaza ndi kuthokoza, ndikulengeza kuti chipinda cha makolo cha sukulu ino chatsegulidwa tsopano, ndipo chikhale chotsegula.

Zikomo kwambiri nonse.