Amayi Anakwera Lole ya Maliro Ali Moyo

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ndine Tadala wa kutauni ya migodi ya Shurugwi, uja ndinasiya sukulu aphunzitsi onse atathawira ku Joni. Ndikuuzeni za khansa ya amayi anga.

Inayamba ngati kambulu m'bere. Kenako kukhwapa kunatupa ngati dzungu, shuwa. Chabwino, ngati dzira. Pakomboni ponse ankati ndi mwanabere chabe. Kuchipatala kunalibe dokotala, kunalibe mankhwala, kunali nesi mmodzi wotopa ngati wakumba mgodi yekha. Anandiuza kuti mwanabere ndi kampu ya asilikali a m'thupi. "Koma khansa ndi yochenjera, mwanangu. Asilikali ena imawanyengerera. M'malo moyipha amayifewetsera mnofu wozungulira, n'kuyitsegulira njira yopita kumapapo ndi kumafupa. Ichotsedwe msanga."

Ine ndimadziwa kuti makorokoza, anyamata okumba golide mozemba, amalowa mumgodi mlonda atawatsegulira geti. Ndiye mpaka m'thupi mwa amayi alonda agulidwa? Ndinalira misozi yodzaza diramu. Kupemphera ndinasiya, ndinkangoti, "Ambuye, mukuona nokha."

Opaleshoni inkachitika kuchipatala cha mishoni, kutali. Basi kunalibe, dizilo kunalibe. Amayi anaonda mpaka bulangete linkaoneka ngati mulibe munthu. Ndinkawayang'ana n'kumaganiza, panopa yafika pati?

Tsiku lina kunabwera a sosaite ya maliro ya kwathu, akuti kudzapemphera. Ndinawafunsa pakhomo, "Mwabwera kudzayeza bokosi?"

"Iwe mwana, pakamwa!" anakalipa Mai Phiri, apampando.

Kenako Sekuru Mbewe, agogo oyendetsa lole ya sosaite, anakanda kumutu. "Dizilo wonyamulira mtembo alipo. Lamulo lathu limati ndi wa akufa. Koma ine ndatopa kunyamula anthu osayankha moni."

Anakangana mpaka denga kugwedezeka, kenako analola. Amayi tinawagoneka pamatiresi, pamalo pa bokosi penipeni. Anthu m'njira ankavula zipewa.

Titafika kumishoni anawachotsa bere ndi zakukhwapa zija. Dokotala anati khansa inali italowa kale m'makampu ena, koma m'makampu ena asilikali anakana. Sanalonjeze kanthu. Mkono wa amayi ndi wotupa, ndipo akangotsokomola mtima wanga umaima.

Komabe ndikuthokoza Mulungu. Inu amene muli ndi wodwala m'nyumba, musamulire asanafe, gogodani paliponse. M'mawa uno amayi andikalipira chifukwa cha mbale zosatsuka, mawu omveka mpaka kutauni ya Gweru. Ine ndangoti Ameni.