Mayi Pensulo Akuyankhabe Makalata

Malemu amene atisonkhanitsa panowa anabadwa pa 14 Malichi 1966, achiwiri m'banja la ana asanu. Ine ndine mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo, ndipo abale andituma kuti ndiwerenge mbiriyi. Abusa andipatsa mphindi zisanu. Mundikhululukire abusa, ndipitirirako.

Anayamba sukulu mu 1973, ndipo atamaliza sekondale mu 1985 anakaphunzira ntchito ya ulembi. Pa 1 Seputembala 1987 analembedwa ntchito pa kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba: simenti, malata, penti, mapaipi. Desiki yawo inali pafupi ndi khomo, pansi pa fani yosazungulira ija. Ankalandira maoda a eni mashopu ndi amisiri, kuyankha makalata ndi kuuza madalaivala kopita. Pensulo sinkachoka m'tsitsi mwawo, mpaka tsiku lina anapita nayo ku ukwati osadziwa. Makasitomala anawatcha Mayi Pensulo, iwonso n'kuyamba kusaina choncho pansi pa kalata iliyonse.

Pa 8 Disembala 1990 anakwatiwa ndi alamu anga akhala apawa, amene nthawi imeneyo ankayendetsa lole pa kampani yomweyo. Alamu amanena okha kuti anawafunsira chifukwa mu ofesi yonse ndi okhawo amene sanawasocheretsepo. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Achemwali angawa ankawadziwa anthu awo. Mmisiri akangoti akufuna mapaipi aja a masiku onse, iwo saizi anali ataidziwa kale. Kalata yawo sinkatha osafunsa za kunyumba, ngati mwana uja anakhoza mayeso, ngati mwendo uja unapola.

Mu Febuluwale 2023 kampani inabweretsa pulogalamu ya pa kompyuta yowerenga ndi kuyankha makalata yokha, ija akuti nzeru zochita kupanga. Tinene chilungamo, achemwali sanadane nayo. Ankati imawathandiza kusanja maoda, ntchito ya tsiku lathunthu imatha tiyi asanazizire. Atauzidwa kuti aiphunzitse, anaipatsa makalata awo onse akale ndi mtima umodzi. Pa 31 Januwale 2024, anthu khumi mwa khumi ndi awiri a mu ofesimo anauzidwa kuti ntchito yatha, ndipo iwo anali m'gulumo. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, anawapatsa wotchi ya pakhoma. Anaikoloweka pabalaza osadandaula.

Chimene sanauzidwe n'chakuti dzina lawo latsala pa ntchito. Akuluakulu ataona kuti makasitomala amakhulupirira Mayi Pensulo, anaisiya kompyuta ija kuti izisaina choncho. Koma anthu inu! Munthu mwamuchotsa, dzina lake mwalikakamira, manyazi mulibe?

Zotsatira zake ambiri muli pano munazionera nokha. Woitanitsa penti yoyera ankalandira yachikasu. Lole ya simenti inkakatsitsa kumene sikukumangidwa kanthu. Ukadandaula, yankho linkabwera pompopompo, laulemu wosaneneka, losakonza chilichonse, pansi pake Mayi Pensulo. Foni ya ku ofesi inkangolira, woyankha kulibe. Makasitomala anayamba kuthawa mmodzimmodzi, ndipo lero mwa malole asanu ndi awiri, anayi angoima pabwalo matayala ataphwa. Koma nkhani imene inkayenda pakati pa amisiri inali yoti Mayi Pensulo akalamba, mutu sukugwiranso.

Chowawa kwambiri chinachitika mu Juni 2024. Bambo wina mwini shopu ya zipangizo, kasitomala wa zaka makumi awiri, akazi awo anamwalira mu Epulo. Kompyuta ija, potengera makalata akale, inkamaliza kalata iliyonse ndi kufunsa ngati mayi kunyumba akupezako bwino. Mlungu ndi mlungu! Bambowo anapirira mpaka mtima unakana. Anabwera pageti pa achemwali n'kuwakalipira pamaso pa adzukulu kuti akuseka maliro awo. Achemwali, amene za malirowo sanamve n'komwe, anangogwira geti, ndipo tsiku limenelo sanadye. Bambowo atamva zoona anabwera kudzapepesa, ndipo lero anyamula nawo bokosi. Tilibe nawo mangawa.

Kuyambira pamenepo malemu anali ndi pempho limodzi lokha, loti dzina lawo lichotsedwe. Anapita ku ofesi kanayi. Ankawakhazika pa benchi ya alendo, moyang'anana ndi desiki yawo yakale. Poyamba anauzidwa kuti dzinalo si la pa chitupa chawo, n'la kampani. Kenako anauzidwa kuti alembe kalata. Analemba, ndipo inawayankha ndi kompyuta yomwe ija, n'kusaina Mayi Pensulo. Anaseka mpaka misozi, akuti chibadwire sanadzikanizepo chinthu mwaulemu chotero. Koma ife owadziwa tinaona kuti kuseka kuja kunali kwa pakamwa pokha.

Pa 3 Ogasiti 2025 anagwa kubafa. Madokotala anati ndi sitiroko, chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Sindinena kuti kompyuta ndi imene yawapha, ine sindine dokotala. Ndingonena zimene ndinamva ndi makutu anga. Ali m'chipatala, pakamwa patapindika, anafunsa mwana wawo woyamba ngati dzina lija lachotsedwa. Mwanayo anawayang'ana mayi ake n'kuvomera kuti inde, lachotsedwa. Ananama, ndipo palibe mwa ife amene akumudzudzula. Malemu anatisiya pa 19 Ogasiti 2025, nthawi ya teni koloko m'mawa.

Madzulo a tsiku lomwelo mwanayu analembera kampani kuidziwitsa za maliro. Mphindi imodzi isanathe, foni yake inalira. Ndikuwerengereni momwe zilili: "Zikomo potilembera. Pempho lanu talilandira ndipo tikuthandizani posachedwa. Moni kwa onse kunyumba. Wanu, Mayi Pensulo." Thupi la mayi ake linali lisanatuluke m'chipatala.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, adzukulu asanu, ndi ife abale awo anayi. Tikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anayesetsa, anansi amene sanatisiye tokha, anzawo asanu ndi anayi ochotsedwa nawo limodzi amene abwera onse, ndi madalaivala amene apereka galimoto osapemphedwa. Inu makasitomala, mukabwerera mukauzeko anzanu kuti makalata aja sanalembe ndi iwo.

Bwana mkulu wa kampani, takuonani pa mpando wa kutsogolopo, ndipo nkhata ya maluwa tailandira, zikomo. Koma banja likupempha chinthu chimodzi chomwe chija. Foni muli nayo m'thumba. Imbani, dzinalo lichoke lero tisanakwirire, kuti zimene mwana uyu anauza mayi ake zisanduke zoona.

Achemwali anga, Mayi Pensulo, ntchito mwagwira yokwana. Werukani tsopano, mzimu wanu uuse mumtendere.